Bokosi Losunga Mafayilo Pakhomo: Lingatiteteze Mpaka Pati Kuno kwa Kanduku?

Zinthu zimene kale tinkasunga m'kabuku, m'sutikesi ya pansi pa bedi kapena m'mutu mwa agogo, lero zambiri zasamukira m'foni ndi m'laputopu. Kuno kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, simusowa kuyenda mtunda kuti muzione zimenezi. Mlembi wa banki mkhonde amajambula pa foni masamba a kaundula wa masheya ndi ngongole. Wopikula manachesi ali ndi manambala a madalaivala ndi a makasitomala ake a ku Blantyre, ndipo zimene anagwirizana pa mitengo zili m'mauthenga a WhatsApp. Wothandiza amalonda kuombola katundu pachipata cha Mwanza amasunga zikalata za mathiraki ochokera ku Tete, ku Beira ndi ku Joni. Mphunzitsi ali ndi mayeso ndi malikisi a ana a zaka zingapo. Wojambula maukwati ndi zinkhoswe ali ndi mavidiyo amene eni ake sanabwere kudzatenga. M'mabanja ambiri, mawu a kholo limene linatsogola, kapena vidiyo ya ngoma imene madoda anavina pa mwambo, zili pa memore khadi imodzi yokha, ndipo khadiyo ili m'foni imene imakwera kabaza, kulowa mumsika ndi kutsikira kudimba tsiku ndi tsiku.

Foni ikabedwa, ina imagulidwa. Zimene zinali m'katimo palibe shopu imene imagulitsa. N'chifukwa chake anthu odziwako za makompyuta amalangiza anzawo kuti pakhomo pazikhala chosungira cholumikizidwa ku rauta, chimene ogulitsa amachitcha NAS, kuti mafoni ndi malaputopu azitumizako kope la mafayilo awo. Langizoli lili ndi nzeru, koma lili ndi malire ake. Bokosilo limateteza ku mavuto ena, pomwe ku mavuto ena limafa pamodzi ndi zimene linayenera kupulumutsa. Wofuna kutulutsa ndalama ayenera kudziwa kaye kuti malirewo ali pati.

Bokosilo ndi chiyani?

NAS ndi kakompyuta kopanda sikirini ndi kiyibodi, kamene ntchito yake ndi kusunga mafayilo ndi kuwapereka kwa foni kapena laputopu iliyonse yololedwa imene ili pa Wi-Fi ya pakhomopo. M'kati mwake mumalowa hard drive imodzi, ziwiri kapena zinayi. Makampani odziwika popanga mabokosi otere ndi Synology ndi QNAP a ku Taiwan, komanso Western Digital ya ku America. Koma sikuti mpaka mugule la m'sitolo. Laputopu yakale yosweka sikirini, kapena kakompyuta kotsika mtengo ka Raspberry Pi kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012, mukaikamo pulogalamu yaulere monga OpenMediaVault, zimagwira ntchito yomweyo. Marauta enanso ali ndi pobayira USB, moti mukabayapo hard drive, aliyense wa pa Wi-Fi yanu amaiona.

Phindu loyamba, limene anthu ambiri salizindikira, ndi lakuti rauta siifuna intaneti kuti ilumikize zipangizo za m'nyumba imodzi. Ngakhale netiweki ya Airtel kapena TNM itathawa, ngakhale bandulo itatha, foni ndi bokosilo zimamvanabe, ndipo palibe yuniti imene imadyeka. Kuthamanga kwake nakonso kumasiyana kutali ndi kwa intaneti. Mavidiyo okwana 500 GB, mukamawatumiza pa intaneti yokweza ma megabit 5 pa sekondi, angatenge masiku opitirira 9, usana ndi usiku osaduka. Pa waya wabwino wa m'nyumba, ntchito yomweyo imatha pa maola osakwana awiri.

Phindu lachiwiri ndi lakuti makina saiwala. Munthu amati ndikopera mawa, mawa limakhala mwezi. Pa Windows pali File History, pa makompyuta a Apple pali Time Machine, ndipo pa mafoni a Android pali mapulogalamu monga Syncthing ndi ena a makampani opanga mabokosiwo. Mukazitchera kamodzi, zimakopera zokha nthawi iliyonse chipangizo chikalowa pa Wi-Fi ya pakhomo.

Zimene zimapha mafayilo

Kuti tione pamene bokosilo limathandiza, tiyenera kuwatchula adani ake mmodzimmodzi.

Woyamba ndi kufa kwa chipangizo chenichenicho. M'kati mwa hard drive muli mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo chilichonse chozungulira chimatha. Kampani ya Backblaze ya ku America, imene imasindikiza ziwerengero za ma hard drive ake ochuluka zedi, imapeza kuti chaka chilichonse imodzi kapena ziwiri pa 100 zimafa. Kumeneko n'kumalo ozizira, opanda fumbi, a magetsi osathima. M'nyumba ya malata mu Okutobala, chipangizo chimavutika kuposa pamenepo. Ma flash ndi ma memore khadi abodza ndi vuto linanso: pamwamba palembedwa 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa kwambiri, ndipo khadiyo imangolandira mafayilo atsopano ikuwononga akale mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imaulula bodzali pomaliza kuyeza khadi yonse. Pa mdani ameneyu, NAS imathandiza ndithu.

Wachiwiri ndi chala chathu chomwe. Mwana wafufuta foda, kapena foni yatsekeka ndipo wokonza wanena kuti palibe kuchitira mwina koma kuiflasha. Apanso bokosilo limathandiza, bola ngati linatcheredwa kuti lizisunga makope akale.

Wachitatu ndi vairasi. Aliyense amene anabenetsako nyimbo kapena kusindikiza kalata pa kompyuta ya anthu ambiri amaidziwa vairasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Yoopsa kuposa imeneyo ndi ransomware, imene imakiya mafayilo onse n'kulamula dipo. Vairasi yotere ikalowa mu laputopu imatsata mafoda onse amene laputopuyo ili ndi chilolezo cholembamo, kuphatikizapo a m'bokosi lija. Apa thandizo lake ndi latheka chabe.

Adani atatu otsalawo ndi mphenzi pamodzi ndi magetsi obwera mwamphamvu, wakuba, komanso madzi kapena moto. Onsewa amalowa m'nyumba, sasankha chipangizo. Mphenzi ikadutsa m'mawaya imaotcha laputopu, rauta ndi NAS nthawi imodzi. Wakuba wothyola zenera sasiya bokosi lokongola loyaka timagetsi. Za madzi, anthu a kum'mwera sasowa wowauza: mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ndipo Mwanza inali m'gulu la maboma amene boma linalengeza kuti muli ngozi yogwa mwadzidzidzi. Khoma likagwa, zonse za m'chipindamo zimakwiririka limodzi. Ngakhale makampani aakulu anapsa nazo zala. Mu Malichi 2021 nyumba ina ya maseva ya kampani ya OVH mumzinda wa Strasbourg ku France inapsa, ndipo makasitomala amene makope awo apadera anali pamalo omwewo anataya zonse.

Ma disiki awiri si makope awiri

Ogulitsa amakonda kunena kuti bokosi la ma disiki awiri silitaya kanthu chifukwa lili ndi RAID. Njira imeneyi inatchuka kuchokera pa kafukufuku amene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley anasindikiza mu 1988. Mtundu wake wosavuta, RAID 1, umalemba chinthu chimodzi pa ma disiki onse awiri nthawi imodzi. Imodzi ikafa, inayo imapitiriza ntchito, inu n'kugula yatsopano n'kulowetsa. Zimenezi n'zabwino kwa ofesi imene siifuna kuima ngakhale ola limodzi.

Koma onani zimene RAID imachita fayilo ikafufutidwa mwangozi: imaifufuta pa ma disiki onse awiri nthawi yomweyo. Vairasi ikakiya fayilo, imakiyika konsekonse. Zili ngati mlimi amene wagawa mbewu yake m'matumba awiri koma onse n'kuwaika m'nkhokwe imodzi. Thumba limodzi likabooka wapulumuka, koma anankafumbwe akalowa kapena moto ukabuka, kugawa kuja sikumuthandiza kanthu. Komanso ma disiki awiri a 2 TB mu RAID 1 amakupatsani malo a 2 TB okha. Kwa banja kapena bizinesi yaing'ono, disiki yachiwiriyo ingachite zambiri itakhala kunja kwa bokosilo, yosalumikizidwa.

Pali chisokonezo china chofanana nacho, cha mapulogalamu ofananiza mafoda. Pulogalamu yotere imaonetsetsa kuti zimene zili pa foni zikufanana ndi zimene zili m'bokosi. Mukachotsa zithunzi pa foni kuti mupeze malo, iyo imatha kuzichotsanso kunako, poganiza kuti ndi zimene mukufuna. Bakapu yeniyeni, kapena kuti kope lobwezeretsera zotayika, imakumbukira dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha, kuti munthu athe kubwerera pa tsiku limene zinthu zinali bwino. Mabokosi ambiri amakono ali ndi njira yotchedwa snapshot, imene imasunga mmene mafoda analili pa ola lakutilakuti, m'malo amene laputopu yodwala siingalembemo. Njira imeneyi siiyamba yokha. Mwini wake ayenera kuitchera. Ndipo munthu amene wasamutsira mavidiyo ku NAS n'kuwafufuta mu laputopu asadzinamize kuti ali ndi bakapu. Ali ndi kope limodzi basi, langosintha pokhala.

Khomo la ku intaneti

Chokopa china cha NAS ndi chakuti mungathe kutsegula mafayilo anu muli ku Lilongwe kapena ku Joni. Koma khomo limene mwadzitsegulira, ena akhozanso kulowerapo. Mu Juni 2021 anthu ambiri padziko lapansi amene anali ndi mabokosi a My Book Live a kampani ya Western Digital anapeza mafayilo awo onse atafufutidwa ndi anthu olowera pa intaneti. Mabokosiwo anali atasiya kulandira zokonza za pulogalamu yake kuyambira 2015, koma eni ake anali kuwagwiritsabe ntchito. Mu Epulo 2021 ransomware ya Qlocker inagwira mabokosi a QNAP, ndipo mu Januwale 2022 ina yotchedwa DeadBolt inachitanso chimodzimodzi, n'kumalamula dipo la 0.03 bitcoin kwa aliyense. Akubawa sankasaka munthu wolemera kapena wotchuka. Makompyuta awo ankangoyendayenda pa intaneti kugogoda khomo lililonse, lopezeka losakhoma n'kulowa. Kwa iwo bokosi la ku Mwanza ndi la ku London n'chimodzimodzi.

Kuno kwathu tinaona kulemera kwa nkhani yotere mu 2024, pamene nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analanda makina a mapasipoti ndipo ankafuna dipo, limene boma linakana kupereka. Ena anatsutsa kufotokoza kumeneku, koma chimene palibe anatsutsa n'chakuti amalonda ndi ofuna ntchito amene amadalira chipata cha Mwanza popita ku Zimbabwe ndi ku South Africa anakhala manja ali m'khosi. Makina amodzi atatsekeka, maulendo a anthu ambirimbiri anaima.

Kwa munthu wa pakhomo, njira yodzitetezera ndi yachidule. Ngati palibe chifukwa chachikulu, bokosilo lisaonekere ku intaneti. Lizitumikira a m'nyumba okha. Pasiwedi imene linabwera nayo isinthidwe tsiku loyamba. Pa rauta, njira ya UPnP, imene imalola zipangizo kudzitsegulira makomo zokha, izimitsidwe. Ndipo pogula la kaunjika, funsani ngati kampani yake ikutumizabe zokonza, chifukwa bokosi lotchipa limene opanga ake analitaya ndi lomwe akuba amalikonda.

Magetsi

Mabokosi amenewa anapangidwira nyumba zimene magetsi sathima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ngakhale amene mawaya a ESCOM anawafika amadziwa kuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku.

Magetsi akathima disiki ili m'kati molemba, fayilo imatha kuonongeka, nthawi zina ngakhale kaundula wa disiki yonse. Choncho NAS imafuna mnzake, UPS, imene imagwirizira magetsi kwa mphindi zingapo, ndipo kudzera pa waya wa USB imauza bokosilo kuti lidzizimitse mwadongosolo. Mtengo wa UPS ndi batire lake, limene limafooka pakapita zaka zochepa, uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi wa bokosilo. Zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zotere inakwera nayo.

Wodalira sola awerenge mawati. Bokosi la ma disiki awiri limadya mawati 15 mpaka 20 likamagwira ntchito. Mawati 20 kwa maola 24 ndi ma watt-hour 480 pa tsiku, kapena mayunitsi pafupifupi 14 pa mwezi. Batire la sola wamba la 12 V 100 Ah limasunga ma watt-hour 1,200, koma kuti likhalitse mumayenera kugwiritsa ntchito theka lokha. Ndiye kuti bokosilo palokha lingadye gawo lalikulu la mphamvu ya batirelo, rauta, mababu ndi kutchaja mafoni tisanaziwerenge. Raspberry Pi yokhala ndi disiki yaing'ono imodzi imadya mawati osakwana 10. Laputopu yakale nayo ili ndi mwayi wake: ngati batire lake likadali ndi moyo, imakhala ndi UPS yakeyake m'mimba. Komanso palibe lamulo lakuti bokosilo liziyaka usana ndi usiku. Lingamayatsidwe masana dzuwa likuswa mtengo, kwa ola limodzi kapena awiri, n'kukopera zatsopano, kenako n'kuzimitsidwa. M'nyengo ya dzinja, mabingu akayamba, chitetezo chodalirika kuposa surge protector iliyonse ndi kuzula pulagi pamodzi ndi waya wochokera ku mlongoti wa panja.

Kope lachitatu likhale kuti?

Akatswiri ambiri amatsatira lamulo limene analitchukitsa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, la 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo likhale kumalo ena. Pa lamuloli, foni kapena laputopu ndi kope loyamba, NAS ndi lachiwiri. Lachitatu ndi limene limayankha mphenzi, wakuba ndi madzi, ndipo ndi lomwe anthu ambiri amalinyalanyaza.

Njira imodzi ndi kusunga pa maseva a makampani a pa intaneti. Google imapereka 15 GB yaulere, Apple ndi Microsoft 5 GB. Kwa mavidiyo a ukwati, malo amenewa ndi ochepa ndipo bandulo yake ingadye phindu lonse. Koma zinthu zosabwezereka za anthu ambiri si zazikulu. Chithunzi cha chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, kalata yogulirana munda, kaundula wa gulu, manambala a foni, zonsezi pamodzi sizifika ndi 1 GB yomwe. Zithunzi za banja zosankhidwa bwino 1,000 zimatenga 3 kapena 4 GB. Chimene chimadzaza mafoni ndi mafilimu, nyimbo ndi timavidiyo ta m'magulu a WhatsApp, zimene zingapezekenso kwa obena tsiku lililonse. Ntchito yoyamba ya bakapu ndi kusankha, osati kugula.

Njira ya pa intanetiyi ili ndi misampha yake. Kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp pa mafoni a Android imadya nawo 15 GB ija, moti malo akadzaza, kukopera kumaima mwini wake osadziwa. Google inalengezanso kuti kuyambira Disembala 2023 ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Anthu ambiri akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni, ndipo pasiwedi yake sakuidziwa. Ena analembetsa ndi nambala imene anaitaya kalekale, pomwe kachidindo kobwezeretsera akaunti kamapita ku nambala yomweyo. Kutumizira m'bale chithunzi pa WhatsApp kumathandizako, koma pulogalamuyo imachepetsa chithunzicho mukapanda kuchitumiza ngati document.

Njira yachiwiri ndi imene ikuyenera kwambiri dera ngati lathu: hard drive yoyenda nayo, yosungidwa kunyumba ina. Mumaibweretsa, kukoperamo zonse za m'bokosi, n'kuibweza kwa achimwene a kuseri kwa phiri, ku ofesi ya sukulu kapena kwa mlongo wanu wa ku Blantyre. Amene angakwanitse ziwiri azizisinthanitsa, kuti nthawi zonse ina ikhale kutali pamene inayo ikulembedwa. Disiki yosabayidwa penapake, vairasi siingaifike, mphenzi siingaiotche. Isungidwe m'chitini kapena m'kontena yotseka bwino, pamalo okwera, ouma ndi ozizira. Posunga kwa zaka zambiri, hard drive ndi yodalirika kuposa flash kapena memore khadi, zimene zimaiwala pang'onopang'ono zikakhala nthawi yaitali pamalo otentha osalandira magetsi. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti zimene mwapanga kuchokera pa tsiku lomaliza kukopera sizikhalamo. Choncho wojambula maukwati azikopera akangomaliza ntchito iliyonse, pomwe banja lingamachite kamodzi pa mwezi.

Bakapu yosayesedwa

Mu 1998 kampani ya Pixar inatsala pang'ono kutaya filimu ya Toy Story 2 isanathe. Munthu wina analamula kompyuta molakwika, ndipo mbali yaikulu ya mafayilo inafufutika. Atathamangira ku bakapu anapeza kuti inali isakugwira ntchito bwino, popanda amene anazindikira. Filimuyo inapulumuka chifukwa mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, anali ndi kope pa kompyuta ya kunyumba kwake, kumene ankagwirira ntchito akulera khanda. Kampani ya akatswiri okhaokha inapulumutsidwa ndi kope limene linali kunja kwa ofesi, ndipo inagwa m'vutolo chifukwa palibe ankayesa zimene makina ankati asunga.

Kuyesa sikufuna ukatswiri. Kamodzi pa miyezi ingapo, tengani disiki ija, ibayeni pa kompyuta ina osati ya masiku onse, tsegulani zithunzi zingapo zakale ndi zatsopano, onerani vidiyo imodzi mpaka kumapeto. Onani deti la fayilo yomaliza kulowa. Mabokosi a NAS amayezanso thanzi la ma disiki awo n'kuchenjeza, koma chenjezo limathandiza ngati pali wolimva. Disiki ikayamba kulira modabwitsa kapena kuchedwa kutsegula, koperani zofunika tsiku lomwelo. Kutulutsa mafayilo mu disiki yakufa kumafuna zipangizo zapadera, ndipo mtengo wake umaposa wa ma disiki atsopano angapo.

Zinsinsi za anthu ndi tsiku la maliro

Makope akachuluka, maso amene angawaone amachulukanso. Disiki imene ili kwa achibale ingatsegulidwe ndi mwana aliyense wachidwi. Ngati muli zinthu za anthu ena, monga ngongole za mamembala, malikisi a ana asukulu kapena zithunzi za ziphaso za makasitomala, nkhaniyo imakhudza lamulo. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limapereka udindo kwa wosunga zinthu za ena kuti aziteteze. Disiki yotuluka m'nyumba iyenera kukiyidwa ndi pulogalamu monga BitLocker ya pa Windows kapena VeraCrypt imene ndi yaulere.

Koma kiyi ali ndi mbali ziwiri. Pasiwedi ikaiwalika, palibe wokonza mafoni amene angatsegule disikiyo. Ndipo tsoka silinunkha: mwini wake akamwalira mwadzidzidzi, ana amatsala ndi bokosi lodzaza ndi mbiri ya banja ndi zikalata za malo, koma losatseguka. Magulu nawonso amavutika mlembi akasamuka kapena akayambana ndi komiti, zonse zili pa akaunti ya dzina lake. Mapasiwedi ofunika alembedwe papepala, aikidwe mu envulopu yomata, n'kusungidwa ndi munthu mmodzi wodalirika, ndipo pa gulu anthu awiri azidziwa pamene makope ali. Zikalata zochepa zofunikitsitsa zisindikizidwenso papepala, chifukwa pepala limawerengeka popanda batire.

Ndani agule, ndani asagule?

Banja limene chuma chake chonse chili m'mafoni awiri kapena atatu silikufunika NAS. Likufunika kachingwe ka OTG kolumikiza foni ndi chosungira, flash kapena hard drive yeniyeni yoyesedwa, akaunti ya Google imene eni ake akudziwa pasiwedi yake, ndi chizolowezi chokopera mwezi ndi mwezi. Mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena wa gulu amene ali ndi laputopu imodzi angachite bwino ndi ma hard drive awiri osinthanitsa, ina pakhomo ina kwina.

Bokosi la pa rauta limayamba kubweza ndalama zake pamene zipangizo zili zambiri ndipo mafayilo akubadwa tsiku lililonse: situdiyo yojambula, ofesi ya oombola katundu pachipata, sukulu ya sekondale yokhala ndi makompyuta angapo, malo ogona alendo a paboma. Kumeneko kukopera ndi manja kumalephereka, ndipo makina okopera okha amapulumutsa ntchito. Koma ngakhale kumeneko, wogula awerengere zinthu zinayi pamodzi: bokosi, ma disiki ake, UPS, ndi disiki yapadera yotuluka m'nyumbamo. Ngati ndalama sizikukwanira zonse, ndi bwino kuchepetsa kukula kwa bokosi kusiyana n'kuchotsa disiki yotulukayo.

Akulu amati nkhanga zinapangana kusanapse. Pangano lofunika pa nkhaniyi ndi la mafunso atatu amene banja, gulu kapena ofesi iyenera kuyankha zinthu zili bwino: ndi mafayilo ati amene sitingawapezenso kwina, kope lawo lina lili m'nyumba ya yani, ndipo ndani analitsegula komaliza n'kuona kuti likuwerengeka? Amene ali ndi mayankho a mafunso amenewa ndi wotetezeka, ngakhale chosungira chake chitakhala flash ziwiri. Amene alibe, angagule bokosi lodula la ma disiki anayi, mafayilo ake akadali m'manja mwa mphenzi imodzi.